Mwana Wofatsa

9 Febuluwale

Okondedwa a Telala anga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani mukupezako bwino ndipo bala likupola. Ine kuno kudziko la eni ndili bwino, kupatula kachimfine kamene kandigwira sabata ino, koma mopu ndikugwira.

Mudabwa kuti munthu woyenda ndi foni m'thumba wayamba liti kulemba makalata ngati wakale. Chifukwa chake mukuchidziwa. Ndikaimba, amayi amakhala ali pomwepo, ndipo ndisanamalize funso amakhala atayankha kale m'malo mwanu. Ndi amayi anga, ndimawakonda, koma munthu amafunanso kulankhula ndi mkazi wake. Ndiye ndapangana ndi adalaivala a lole ya katundu aja kuti envulopu azikupatsirani m'manja, osati kusiya pakhomo.

Zikomo, mayi, mwandibalira mwana wamkazi. Masiku awiri inu muli pa ululu, ine ndili kuno kukolopa pansi pa mabedi a ana a eni. Zimenezi zikundiwawa, ndinene poyera.

Amayi akuti zonse zili bwino, mwana anangochedwa pang'ono kulira. Nditafunsa kuti pang'ono pakepo ndi mphindi zingati, anandiyankha kuti ndani amayang'ana wotchi pa nthawi ngati imeneyo. Mng'ono wanu ndiye wandiuza kuti anachita kumupopera mpweya, kuti tsiku lachiwiri anaphiriphitha kawiri, ndiponso kuti mkaka ukudzera m'kachubu ka pamphuno. Musamukalipire, ndinachita kumupanikiza ndine.

Paja chaka chino anandisamutsira ku wodi ya makanda odwala. Muli timabedi tagalasi khumi ndi tiwiri, makina ongolira tsiku lonse, ndipo pansi pamayenera kuwala moti munthu n'kudziona nkhope. Ana obadwa osalira ndimawaona. Kuno amawagoneka pa kamatiresi kozizira masiku atatu, opanda chofunda, akuti ubongo umene unasowa mpweya usapitirire kuwonongeka. Tsiku loyamba kuziona ndinatsala pang'ono kuvula juzi yanga kuti ndimufunditse mwana wa mwini. Akuti zimathandiza zikayamba pasanathe maola asanu ndi limodzi chibadwire. Kumeneko ndikudziwa kuti kulibe. Kaya ndikukuuziraninji zimenezi, zisiyeni.

M'katoni muli mabulangeti awiri, matewera, sopo wosanunkhira ndi ulusi wa mitundu umene munkaufuna uja. Zinthu zakwera kuno, sopo yemweyu mtengo wake ukanagula awiri chaka chatha. Makina osokera musawayandikire mpaka bala litapola, makasitomala adikire, safa ndi diresi lakale.

Chinthu chimodzi ndikupempheni. Adokotala akabwera, amayi atatuluka, muwafunse nokha kuti mwanayu adzakhala bwanji akamakula. Mundiuze mawu awo enieni, osawathira shuga.

Ndine wokolopa wanu.


8 Malichi

A Telala,

Landirani moni wa kuno. Ndasangalala kumva kuti mwatuluka m'chipatala nonse awiri, kachubu achotsa ndipo mwana akuyamwa yekha. Ine chimfine chinatha, msana wokha ndiwo ukudandaula.

Chithunzi ndachiona. Ndinakuletsani makina, inu mwatenga singano n'kusoka ndi manja! Diresi lachikasu, kolala yoyera, mwana wa mwezi umodzi ngati akupita ku ofesi. Mnzanga amene timagona chipinda chimodzi, wowotcherera zitsulo uja, atachiona anati ameneyu si mwana wamba, ndi dona. Ndiye kuno dzina lake ndi Kadona, kaya inu mukumuitana chiyani kumeneko.

Mwati adokotala anangoti, “Tiona akamakula.” Ndinapsa mtima nditamva, koma kenako ndinadziseka. Kuno ali ndi makina ojambula ubongo, ali ndi timawaya tomata pamutu toonera mmene ubongo ukugwirira ntchito. Akatha zonsezo amaitanira makolo m'kachipinda ka kumapeto kwa kolido. Muli mipando itatu, tebulo ndi kabokosi ka timapepala topukutira misozi. Ndimakolopamo ndine, ndipo kabokosiko ndimasintha Lolemba lililonse. Mukudziwa chimene amawauza mmenemo? Chomwecho, tiona akamakula, kungoti iwo amachinena ndi mawu ambiri. Nesi wina anandiuza kuti pali ana amene chithunzi cha ubongo wawo chinali choopsa, koma pa zaka ziwiri amabwera akuthamanga m'kolido, kundidetsera pansi. Ena chithunzi chinali chabwinoko, koma amabwera atanyamulidwa.

Komabe mtima wanga wakhalako pansi ndi zimene amayi anena. Akuti chibadwire sanaonepo mwana wofatsa chonchi. Salira, savuta, pamene mwamugoneka ndi pomwe mumupeza. Ameneyo watengera ine, musatsutse. Akanatengera inu bwenzi nyumba yonse isakugona tulo. Zoti amatenga ola lathunthu kuyamwa ndipo amatsamwa kawirikawiri, musade nazo nkhawa kwambiri, mwina ndi ulemu wa madona, sadya mothamanga. Koma mukapita ku sikelo mukawauze.

Mwandifunsa za mwamuna wa mnzanu wa saluni uja. Ali moyo, ndinakumana naye pokwerera basi, mpaka wanenepa. Ali ndi mkazi wina. Nditamufunsa za mwana wake wosayenda uja, anati kumtundu kwawo kulibe zoterozo, mkaziyo akudziwa yekha kumene anazitenga. Basi yanga inafika, ndinakwera. Mnzanuyo musamuuze zonse, mungoti ntchito yavuta kuno.

Lero ndi Lamulungu, wowotcherera wapita kwa abale ake. Chipinda chathu zenera ndi limodzi, ndipo limayang'ana khoma la nyumba yosungiramo katundu. Dzuwa limalowa kanthawi kochepa masana, limagunda pa mbaula n'kumapita. Ndachapa maovolosi, ndapukuta nsapato, ndasesa kawiri. Palibe china chochita, ndiye ndikungoyang'ana diresi lachikasu lija.

Denga la kukhitchini muitane kalipentala alione mvula isanathe kuliwononga. Moni kwa amayi ndi mng'ono wanu.

Bambo a Kadona.


12 Epulo

Mayi a Kadona,

Muli bwanji kumeneko, inu, mwana ndi amayi? Ine ndili bwino ndithu. Ndalama za mwezi uno mwalandira, musaiwale kupatulako za intaneti ya pafoni, chifukwa pali ntchito imene ndikupatseni.

Kuntchito kuno kuli dokotala wa mafizo, wolimbitsa ndi kuwongola ziwalo, mayi wachikulire, wowonda, timangowatcha a Magalasi. Amabwera Lachitatu kudzaona ana amene anatuluka m'wodi yathu. Ambiri satiyankhula ife a mopu, koma awa amapereka moni ndipo amalambalala pamene pali ponyowa. Lachitatu lapitali anandipeza pa masitepe a kuseri nthawi ya nkhomaliro, ndikudya buledi foni ili pabondo. Ataona chithunzi cha Kadona anafunsa ngati ndi wanga, ndinati eya. Chiyankhulo chawo chimandivutabe, koma liwu loti wofatsa ndinalipeza, ndipo ndinalinena monyada. Ndinati mwana wanga savuta, sagwedezeka n'komwe.

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya. Kenako anakhala pansi pa sitepe yomweyo, munthu wamkulu, n'kundifunsa mmene kubadwa kunayendera. Ndinawauza zimene ndikudziwa.

Akuti mwana akafika miyezi itatu, ukamugoneka chagada ali maso, thupi lake silikhala chete. Timanja, timapazi, khosi, chiuno, zonse zimangoyendayenda pang'onopang'ono uku ndi uku osalekeza. Liwu lawo landikanika kulitchula, ine ndangoti timatukutuku. Akuti munthu amene anaphunzira kuyang'ana zimenezi amadziwa zambiri za kutsogolo kwa mwana wobadwa osalira, ndipo safuna makina, kanema wa pafoni ndi wokwanira. Mwana akakhala nato timatukutukuto, makolo mtima pansi. Akapanda kukhala nato, kaya, sindinafunse, nthawi ya ntchito inakwana.

Anena kuti mukatumiza kanema adzamuona mwaulere. Ndiye kumayambiriro kwa Meyi, Kadona akakwanitsa miyezi itatu, muchite chonchi. Musankhe nthawi imene wakhuta, ali maso ndipo sakulira. Muyale bulangeti losakongoletsa pansi, mumugoneke chagada atangovala thewera lokha. Foni ikhale pamwamba kuti aoneke yense kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndiyeno chovuta n'chakuti kwa mphindi zisanu pasakhale womugwira, womuseweretsa kapena womuimbira. Amayi muwatume kumsika nthawi imeneyo, apo ayi sizitheka.

Si kuti pali chimene ndikukayikira, ayi. Mwayi wapezeka, ndiye tiugwiritse ntchito. Komanso ine mwana wanga sindinamuonepo mimba kapena mawondo, ndimangodziwa kolala.

Ndatumiza nsalu zitatu, yobiriwirayo ndi yanu, musaidule kusokera anthu. Ndikukusowani kwambiri, makamaka madzulo ndikatsika basi n'kuona anthu akulowa m'nyumba zoyaka magetsi kale. Ine chipinda changa ndimachita kuyatsa ndekha.

Wanu yemwe uja.


10 Meyi

A Telala anga,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo, kuzizira kwayamba, m'mawa zala zimachita kuuma pa chidebe.

Kanema wafika, zikomo. Ndaseka mpaka wowotcherera anadzuka. Ndinati thewera lokha, inu mwamuveka chipewa, masokosi ndi diresi. Ndinati pansi, inu mwamuika pamiyendo pa amayi. Ndinati chete, amayi akuimba nyimbo yonse mpaka kubwereza, uku akumugwedezera makiyi kumaso. Mphindi zisanu zokha ndizo mwatsata.

Koma diresilo ndavula chipewa. Fashoni imeneyi mwaitenga kuti? Lopanda manja enieni, nsalu yongogwa kuchokera paphewa ngati mapiko mpaka kuphimba zala, lomanga ndi timaliboni m'malo moti mwana alowetse mikono. Ndinaonetsa anesi awiri, wina akufunsa ngati mungamusokere la mwana wake. Mukadzatchuka musandiiwale.

A Magalasi aonanso. Anamwetulira, akuti mwana ndi wokongola, agogo ali ndi mawu abwino, koma palibe chimene angaone pamenepa. Mwana akagwiridwa kapena kuseweretsedwa, thupi limayankha womugwirayo, siliyenda lokha. Ndipo manja ndi mapazi, zimene akufuna kuonazo, zonse zabisika.

Amayi andikalipira pafoni, akuti ndi liti tinayamba kuvula ana n'kumawajambulira anthu osawadziwa, komanso mwana azizidwa. Ndawauza kuti ndi dokotala, osati munthu wa mumsewu. Za kuzizira, tsekani mazenera, muchite masana dzuwa lili pamutu. Mphindi zisanu sizinaphepo munthu, kuno amagona osafunda masiku atatu.

Mwina vuto ndi lakuti simungathe kugwira foni uku mukuyang'anira mwana. Wowotcherera wakupangirani chitsulo cha miyendo itatu kuchokera ku mpando wothyoka, chili ndi pogoneka foni kuti iziyang'ana pansi. Wakana kuti ndimulipire, akuti ndi mphatso ya dona. Chili m'katoni, ndachikulunga ndi juzi yanga yakale. Mungoimika, kuyatsa, inu n'kukhala chapatali.

Za kalipentala mwachita bwino kumukaniza, mtengo umenewo ndi wa denga la nyumba yonse. Funsani wina.

Chonde sabata ino. Ndikudikira.

Bambo a Kadona.


22 Meyi

Mayi a Kadona,

Moni. Ine ndili moyo.

Makanema awiri afika. Woyamba mwana ali mtulo, atafunda mpaka m'khosi. Wachiwiri ali kumsana kwanu, chikuoneka ndi chipewa chokha. Ndipo pakona ya chipinda ndachiona chitsulo chija, mwakolekapo tepi yoyezera ndi lumo. Munthu anataya Loweruka lake lonse kuwotcherera chimenecho.

Kodi chavuta n'chiyani? Inu mumatha kuyang'ana munthu kamodzi n'kumusokera suti yomukwana, lero mukulephera kugoneka mwana pabulangeti? Ndalemba, ndaimba, ndajambula mpaka chithunzi papepala. Ndinene m'chiyankhulo chanji kuti mumve?

Nthawi ikutha. Timatukutuku timene ndikunenati sitikhalitsa. Mwana aliyense akamayandikira miyezi isanu timatha tokha, amayamba kugwira zinthu ndi kusewera mwadala, ndiye kanema sanenanso kanthu. Ikadutsa nthawi imeneyi tibwerera ku tiona akamakula, chaka, zaka ziwiri, tikungoyang'anana. Inu mwina mungathe, muli naye pafupi. Ine kuno ndilibe chogwira.

Lachitatu la sabata yatha a Magalasi anandifunsa kachitatu. Sabata ino nditawaona akubwera ndinalowa m'kachipinda kosungira zidebe n'kutseka chitseko, bambo wamkulu, kubisala pakati pa mamopu. Ndiwauza chiyani? Kuti mkazi wanga watanganidwa ndi maliboni?

Mwana si chidole choika pawindo la shopu kuti anthu aziona luso lanu. Muvuleni madiresiwo kamodzi kokha, ndimuone mwana wanga.

Ndalama ndatumiza monga mwa nthawi zonse.

Ndine.


4 Juni

Okondedwa mkazi wanga,

Sindikudziwa ngati muli bwino, chifukwa chilandirireni kalata ija simunandiyankhe. Ndikaimba amayankha ndi amayi, akuti muli kubafa, muli kwa kasitomala, mwagona mutu ukupweteka. Munthu sasamba sabata yathunthu. Ine thupi lili bwino, koma chakudya sichikulowa.

Pepani. Mawu a chidole aja ndinalemba ndi mkwiyo, ndipo envulopu itangolowa m'lole ndinafuna kuithamangira. Inu ndi amene mukudzuka naye, kumuyamwitsa ola lathunthu, kumunyamula kupita ku sikelo. Ine ntchito yanga ndi kulamula pa pepala. Ndachita manyazi.

Palinso bodza limene ndinakunamizani. Ndinalemba kuti sindinafunse tanthauzo lake mwana akapanda timatukutuku. Ndinafunsa tsiku lomwelo pa masitepe, ndipo anandiyankha mosabisa. Akuti ana ambiri otere, osati onse koma ambiri, amadzakhala ndi vuto la kayendedwe ka thupi. Minofu imauma, kukhala pansi kumachedwa, ena amadzayenda movutikira, ena sadzayenda. Ndinabisa chifukwa munali ndi bala ndipo munali kusangalala ndi kusoka. Komanso ndinkaopa kuti ndikalemba papepala zikhala zoona.

Kuyambira tsiku limenelo liwu loti wofatsa silindisangalatsanso. Amayi akalinena pafoni ndimasintha nkhani. Ndipo ndine ndinayamba kulinyadira, mpaka kumati watengera ine.

Mwina mukufunsa kuti kudziwiratu kuthandiza chiyani, poti mankhwala ochiza kulibe. Inenso ndinafunsa. Akuti ubongo wa khanda uli ngati dothi lonyowa, umaumbika. Mafizo akayamba pano, miyezi ino, mwana amapindula kuposa akayamba ali ndi zaka ziwiri thupi litauma kale. Pali kanyamulidwe kake, kagonekedwe kake, ngakhale kayamwitsidwe koti asamatsamwe. Ndi chifukwa chake ndakhala ndikukuvutitsani.

Sabata yatha kunabwera mwana wina wa pa kamatiresi kozizira. Bambo ake anakhala pampando masiku atatu osachoka, chala chimodzi atachilowetsa pa kabowo ka galasi. Ndikafika ndi mopu ankangokweza mapazi osandiyang'ana. Ndinamuchitira nsanje munthu ameneyo, mwana wake ali pakati pa moyo ndi imfa, koma ndinamuchitira nsanje. Ndinapempha akuluakulu kuti andisamutsire ku wodi ina, anati kulibe malo.

Sindikukakamizaninso. Mukafuna kujambula, masabata awiri alipo. Mukapanda kufuna, sindidzatchulanso. Koma ndiyankheni, ngakhale liwu limodzi, ngakhale lotukwana. Chipinda chino chakula kwambiri.

Mwamuna wanu wopusa.


16 Juni

Mayi a Kadona, mkazi wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu. Ine ndili bwino, ndadya lero.

Kanema anafika Lachitatu m'mawa ndili m'basi. Nditaona bulangeti loyera ndi kamwendo, ndinazimitsa foni n'kuibweza m'thumba. Ndinalibe mtima woonera ndekha. Ndinakolopa wodi yonse, kolido ndi kachipinda ka mipando itatu kaja, kenako ndinakagogoda kwa a Magalasi.

Mwajambula bwino, anena okha. Chitsulo chagwira ntchito, chithunzi sichikugwedera, kuwala kuli bwino. Iwo poonera amatseka mawu kuti asasokonezeke. Anaonera mphindi zisanuzo kawiri, ine nditaima kumbuyo kwawo, magolovesi ali m'manja. Kenako anakoka mpando kuti ndikhale.

Ndinakupemphani kale kuti musamathire shuga, ndiye inenso sindithira. Timatukutuku sanatione. Akuti manja akhala ofumbata nthawi yonse, chala chachikulu chili m'kati, ndipo miyendo ikuwongoka mouma, yonse iwiri pamodzi. Mpata woti adzakhala ndi vuto la kayendedwe ndi waukulu. Ndinafunsa ngati adzayenda. Anati kanema sanena zimenezo, ndipo aliyense wondiuza lero kuti adzayenda kapena sadzayenda akunama. Za kulankhula ndi nzeru, akutinso sizioneka pamenepa. Koma anabweza pang'ono n'kundilozera maso ake. Akuti taonani, pali munthu waima chakumanzere, ndipo mwanayu akumutsata, munthuyo akasuntha iyenso akutembenuza maso. Akuti chimenecho n'chabwino, tichigwiritse.

Alemba kalata yoti mupite nayo kwa a mafizo a kuchipatala chachikulu, kuti akamuone ndi manja awo, poti kanema yekha sakwanira. Ajambulanso mapepala anayi a kanyamulidwe ndi kagonekedwe, ine ndalemba tanthauzo lake m'munsi mwa chithunzi chilichonse. Zonse zili mu envulopu ino. Musadikire mwezi uthe, za mayendedwe ndatumiza.

Nthawi ya nkhomaliro ndinapita pa masitepe a kuseri. Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti kanemayo ndi wa mphindi zisanu ndi imodzi, ndipo a Magalasi analekera pa zisanu. Ndinatsegula mawu n'kuyambira poyamba. Mphindi zisanu zonse zii, kungomveka nkhuku za aneba ndi munthu akupuma chapatali, kupuma kwa munthu amene watseka pakamwa ndi dzanja. Kenako munalowa, munagwada, munamunyamula, n'kuyang'ana m'mwamba kumene kunali foni.

“Ndi ameneyu mwana wanu. Ine ndinaona kalekale. Mwamuona tsopano, ndiye chitani chimene mukufuna kuchita.”

Buledi ndinamusiya pa sitepe pomwepo.

Ine ndimayesa simukumva, ndimayesa ndinu wamakani. Chonsecho telala ndi amene amayamba kudziwa mkono ukakana kupinda kuti ulowe m'malaya. Diresi la mapiko ndi timaliboni lija, limene ndinkaonetsa anesi kuti ndi fashoni, munasoka chifukwa manja a diresi ankamupweteka, ndiponso kuti ine ndisaone zala zofumbata. Miyezi yonseyi mwakhala nazo nokha, amayi akuimba kuti mwana wofatsa, ine ndikuvomereza kuchokera kuno.

Ndipo ndikudziwa chimene munkaopa, chifukwa ndinakulemberani ndekha ndi dzanja langali. Nkhani ya mwamuna wa mnzanu wa saluni. Ndinaiponya m'kalata ngati nkhani ya mtengo wa sopo, kenako mwezi wotsatira ndinayamba kufuna kanema wa mwana ali wosavala kuti dokotala amuyeze. Mukanaganiza chiyani? Munayesa ndikusonkhanitsa umboni. Ndalira pa masitepe paja, mayi, mpaka mlonda anabwera kudzafunsa ngati kwagwa maliro.

Amayi musawauze kanthu, ndiwauza ndekha Lamulungu, ndipo aliyense wofuna kufunsa kuti zachokera kumtundu kwa yani adzafunse ine. Ndapempha tchuthi. Anayamba ndi kukana, ndinati ndiye mopu wanu uyu. Andipatsa masabata atatu. Ntchito sindisiya, chifukwa maulendo a kuchipatala adzafuna ndalama zaka zambiri, koma a Magalasi avomera kuti Lachitatu lililonse mpaka tsiku lonyamuka azindiphunzitsa kanyamulidwe pa chidole chawo chophunzitsira. Mwaona, chidole chagwera ine.

Madiresi a timaliboni musasiye, musokereni ena, akumukhala. Chitsulo chija chisiyeni chikhale cha tepi ndi lumo, ntchito yake chatha.

Munati ndamuona. Ndamuona, mayi, ndabwereza kosawerengeka. Masokosi aja ankandibisira chinthu china. Chala chachiwiri cha kuphazi lamanzere n'chachitali kuposa chachikulu, ndipo chapindikira kunja. Ndinavula nsapato pa masitepe pomwepo n'kuyerekeza. N'changa chimenecho, sichinachokere kwa wina aliyense.

Ndifika pa 2 Ogasiti ndi lole ya adalaivala omwewa. Musadzamuveke masokosi.

Ndine bambo a Kadona.